Dzina la galu wa ku Downton ndimalidziwa

Galuyo dzina lake ndi Isis. Isis asanabwere kunali Pharaoh, ndipo Isis atafa, bwana anapatsidwa kamwana kagalu n'kukatcha Tiaa. Sindinafunse Google ayi, zonsezi zili m'mutu mwangamu. Mutandidzutsa pakati pa usiku n'kundifunsa kuti amene amasewera ngati Carson ndani, ndikuyankhani maso ali chitsinzinire kuti ndi Jim Carter. Mrs Hughes ndi Phyllis Logan. Bates ndi Brendan Coyle, Anna wakeyo ndi Joanne Froggatt. Lady Mary ndi Michelle Dockery, Edith ndi Laura Carmichael, Lord Grantham mwiniwakeyo ndi Hugh Bonneville. Tsiku limene Maggie Smith anamwalira, pa 27 September 2024, ndinaika chithunzi chawo pa sitetasi ngati kuti ndataya azakhali anga enieni.

Ndiye musaganize kuti amene akulemba izi amadana ndi Downton Abbey. Ndine m'modzi wa inu, mwinanso ndimakuposani misala. Kwa amene simunaionepo: ndi sewero la pa TV la ku Britain, lolembedwa ndi Julian Fellowes, limene linayamba kuonetsedwa pa ITV mu 2010 n'kutha mu 2015. Lili ndi zigawo 6, ma episode 52, ndipo pambuyo pake anatulutsa mafilimu atatu, mu 2019, 2022 ndi 2025. Nkhani yake ndi ya banja lolemera la a Crawley ku Yorkshire pamodzi ndi antchito awo. Mabwana amakhala m'zipinda za pamwamba, antchito pansi kukhitchini. Imayambira mu April 1912, tsiku limene uthenga woti sitima ya Titanic yamira unafika.

Kuno ku Songwe seweroli silinabwere pa ITV, mukudziwa kale. Linabwera pa fulashi ya mchemwali wanga pochokera ku koleji, ine n'kulisamutsira mu foni, pakati pa mafilimu a ku Nigeria ndi a ku India omasuliridwa m'Chichewa aja. Ndinalionera m'nyengo ya dzinja, mtsinje utadzaza, magetsi akuchita zawo zija. Pa gulu lathu la pa WhatsApp tinagawikana, ena a Mary, ena a Edith, ndipo anthu awiri anasiya kulankhulana kwa sabata yathunthu chifukwa cha zimene Mary anachita pa kadzutsa uja m'gawo lomaliza. Anthu akuluakulu ndithu, a mabanja awo.

Zimene zandilembetsa lero zinachitika ndili pa gawo lachiwiri. William Mason, mnyamata woperekera zakudya patebulo uja, anali atavulala ku nkhondo ku France mu 1918 poteteza Matthew Crawley. Anamubweretsa kunyumba kuti adzafere pabedi labwino, n'kumukwatitsa kwa Daisy maola ochepa asanatsirizike. Ine misozi ili chuchuchu. Agogo anga aakazi anali pambali akusankha mpunga m'lichero. Tinalankhula Chinkhonde, ine ndikungomasulira.

"Iwe, ukulira chiyani? Kwagwa zovuta kwa ndani?"

"Palibe agogo, ndi filimu. Mnyamata wina wafa ku nkhondo."

"Nkhondo yake iti?"

"Ya kalekale, ya Angelezi ndi Ajeremani."

Anasiya kusankha mpunga uja. "Ija inadutsa pompano? Ija inatenga agogo anga aamuna?"

Ndinaimitsa filimu. Ndinawafunsa kuti agogo awowo dzina lawo anali ndani. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anati: "Ine ndinangomva kuti anawatenga ku mtengatenga, osabwerako. Amayi anga anali khanda. Dzina ankalidziwa ndi amayiwo, ndiye amayi kulibe."

Basi. Munthu amene magazi ake akuyenda mwa inemu anachoka pamudzi pano atasenza katundu wa nkhondo yomwe ija ndinkaililira pa foni, ndipo m'banja lathu lonse palibe amene akanatha kumutchula. Koma ine agalu atatu a bwana wongopeka ndikuwatchula m'ndondomeko yake. Ngati zimenezi si zochititsa manyazi, ndiuzeni dzina lina.

Tiyeni tiike makalendala awiri pamodzi, ya ku Downton ndi ya kuno, chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti nkhondo ija inali ya kutali.

Gawo loyamba limatha pa 4 August 1914. Kuli phwando pabwalo, azimayi avala zipewa, kenako Lord Grantham alandira telegalamu n'kulengeza kuti dziko lawo lili pa nkhondo ndi Germany. Patangopita masiku 9, pa 13 August, sitima ya boma la atsamunda yotchedwa Guendolen, yoyendetsedwa ndi Captain Rhoades, inaoloka nyanja yathuyi kupita ku Sphinxhaven, kumene lero timati Liuli, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda. Nthawi imeneyo mtsinje wa Songwe unali kale malire, kuchokera pa pangano la 1890 la Britain ndi Germany. Tsidya lino Nyasaland, tsidya ilo German East Africa. Pamene lero pali mlatho wopita ku Kasumulu, pamene timasintha makwacha ndi mashilingi, panali pakamwa pa nkhondo.

Pa 9 September 1914 asilikali a Ajeremani amene anaoloka Songwe anathira nkhondo boma la Karonga. Tsiku lomwelo anakumananso ndi gulu la Captain Barton ku Kasoa. Ambiri mwa amene anagwa tsiku limenelo, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda: asilikali a King's African Rifles kuno, asilikali olembedwa ndi Ajeremani uko. Nkhani ya imfa zimenezi itafika ku Chiradzulu, John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November chaka chomwecho, yodandaula kuti amphawi a dziko lino akufera mkangano umene si wawo. Boma linaitsekereza kalatayo. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, ndipo pa 3 February iye anaphedwa.

Gawo lachiwiri limatsegula mu 1916, Matthew ali m'matope a ku Somme. Chaka chomwecho, mu May, General Northey anaolotsa asilikali ake malire ano kulowera ku Neu Langenburg, Tukuyu wa leroyu. Misewu ya galimoto inali yosowa, ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe, ndiye ufa, zipolopolo, mahema ndi mabokosi a mabwana zinayenda pamitu ya anthu. Akatswiri a mbiri amati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Werenganinso nambala yachiwiriyo. Ambiri sanapite mwakufuna kwawo, ankachita kugwidwa kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma. Ankafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, ambiri osamvako n'komwe kulira kwa mfuti pafupi. Makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya, ndipo Melvin Page, amene anacheza ndi otsala ake m'zaka za m'ma 1970, anatcha buku lake The Chiwaya War. Ife lero tikamva chiwaya timangoganiza za tchipisi.

Ku Downton nkhondo imatha pa 11 November 1918, nthawi ya 11 koloko, mabwana ndi antchito ataimirira pamodzi m'holo, wotchi ikulira. Kuno amtengatenga anali akuyendabe. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anadzatula pansi zida pa 25 November ku Abercorn, Mbala wa ku Zambia, pafupi ndi ife kuposa Lilongwe. Chimfine chimene chinapha Lavinia Swire m'sewero muja chinafikanso kuno kumapeto kwa 1918, n'kulowa m'midzi imene inali itatha kale amuna. Lavinia tonse timamukumbuka, mpaka mtundu wa tsitsi lake.

Pali nkhani ina m'gawo lachisanu imene imandipweteka kuposa zonse. Mu 1924 mudzi wa Downton ukumanga chipilala cha anyamata awo amene anafa ku nkhondo, Carson ndiye wapampando. Mrs Patmore, mayi wophika uja, ali ndi mwana wa m'bale wake, Archie, amene anaomberedwa ndi asilikali anzake pomunena kuti ndi wamantha. Malamulo akukana kuti dzina lake lilembedwe pa chipilala. Lesley Nicol amasewera mbali imeneyi mokhudza mtima zedi, mayi akulira ma episode angapo chifukwa cha dzina limodzi losalembedwa. Pomaliza Lord Grantham amamukonzera Archie mwala wakewake. Tonse tinati eee, koma bwana uyu ndi wamtima.

Tsono mverani za kuno. Mu April 2021 bungwe loyang'anira manda a asilikali a Britain ndi maiko ake, Commonwealth War Graves Commission, linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, amene anafa potumikira Britain pa nkhondo yoyamba ija, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Ku Karonga boma kuli manda a nkhondo imeneyi osamalidwa bwino, miyala yake ili ndi mayina a azungu, Angelezi ndi Ajeremani amene ankaomberana. Ku Zomba chipilala cha KAR chili ndi mayina a asilikali. Nanga wosenza ufa uja ali pati? Archie m'modzi wongopeka anapeza mwala. Agogo a agogo anga sanaupeze.

Ndikudziwa zimene ena mukulemba kale m'makomenti. Woyamba akuti: aise, ndi sewero chabe, bwanji ukulisenzetsa mlandu wa atsamunda? Chabwino. Koma sewero limene waonera maola opitirira 50 limakuphunzitsa kanthu, ufune usafune. Taonani atengambali ake. Carson amakonda banja la abwana ake kuposa moyo wake, ndipo timamukonda chifukwa cha zimenezo. Mnyamata wina atabwera n'kunena kuti dzina lake ndi Jimmy, Carson anagamula kuti m'nyumba muno ukhala James, ife n'kumaseka. Tom Branson, dalaivala wa ku Ireland amene Allen Leech amasewera, amalowa m'nkhani ali wolusa, wodana ndi ufumu ndi mabwana. Pofika kumapeto wavala jekete ya chakudya chamadzulo ndipo akuyendetsa esiteti. Wantchito amene amaonetsa kuwawidwa mtima ndi moyo umenewu, Thomas Barrow, ndiye kwa zaka zambiri anali mfiti ya nkhaniyo. Phunziro lake ndi lomveka: bwana wabwino alipo, wantchito wanzeru amadikira, wokwiya amazizira akakula. Julian Fellowes ndi membala wa House of Lords wa chipani cha Conservative, ndiye musadabwe. Analemba dziko limene amalikonda, ndipo analilemba mwaluso.

Koma m'zaka zomwezo, kuno ma esiteti analiko, mabwana analiko, antchito analiko. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, anthu ankagwira thangata, ndipo bwana wake William Jervis Livingstone anaphedwa usiku wa pa 23 January 1915 ndi anthu amene anatopa naye. Tom Branson wa kuno sanakwatire mwana wa bwana. Amene anagwidwa pa kuukira kuja ambiri ananyongedwa kapena kuomberedwa. Ndiye ukaonera Downton wopanda mbiri ya kwanu m'mutu, umatuluka ukukhulupirira kuti nthawi imeneyo inali ya ulemu, madiresi okongola ndi tiyi wa 4 koloko. Tiyiyo amathyola ndani, kamera siipita kumeneko.

Ndipo tikamaonera timadziika pati? Pa gulu lathu lija aliyense ankati ine ndine Mary, ine ndine Sybil, wina mpaka ankadzitcha Dowager. Palibe ndi m'modzi yemwe amene anati ine ndine Daisy, mtsikana wodzuka m'bandakucha kukoleza moto m'zipinda za anthu ogona. Koma zoona zake, amangwetu, ngakhale u-Daisy sitikanaupeza. Daisy anali ndi bedi, malipiro ndi dzina pa mndandanda. Ife mu 1916 tinali kunja kwa chithunzi, pa mzere wa anthu oyenda pansi kulowera ku Tukuyu, katundu wa makilogalamu opitirira 20 ali pamutu. Africa imalowa mu Downton pa zitseko ziwiri zokha zimene ndimakumbukira bwino. China ndi mwendo wa Bates, umene unavulala pa nkhondo ya Mabunu ku South Africa, kumene ankatumikira Lord Grantham. China ndi mayina a ku Egypt a agalu aja. Nyumba yeniyeni imene anajambuliramo, Highclere Castle, ndi ya banja la Carnarvon. M'modzi wa iwo ndiye anali nduna yoona za maiko a atsamunda pamene Britain inalanda Transvaal mu 1877, ndipo mwana wake ndiye analipira ntchito yofukula manda a Tutankhamun mu 1922. Makoma enieniwo akuidziwa Africa kuposa seweroli.

Wachiwiri akuti: ndiye aziikamo anthu akuda basi, nkhani ithe. Anayesa. M'gawo lachinayi munabwera Jack Ross, woimba jazi, woseweredwa ndi Gary Carr. Anakondana ndi Lady Rose, kenako anadzichotsa yekha mwaulemu kuti asasokoneze banja la eni. Bridgerton inapita patali, inatenga Regé-Jean Page, amene anakulira ku Harare, n'kumuveka udyuki mu 2020. Ndinasangalala naye mnyamatayo, ntchito ndi ntchito, ndalama alandire. Koma zimenezo sizindibwezera kanthu. Kumuveka munthu wakuda chipewa cha bwana kumangotithandiza kulota bwino maloto omwe aja. Ine sindikusowa dyuki wakuda. Ndikusowa munthu amene anaoloka Songwe ndi thumba la ufa, ali ndi dzina, mkazi, ngongole ya ng'ombe, nthabwala zake ndi mantha ake.

Ndipo apa ndi pamene ndikusiyana ndi anzanga okonda kutukwana azungu pa Facebook. Mlandu uwu si wa Fellowes. Munthuyo analemba za agogo ake, ndipo palibe lamulo lomukakamiza kulemba za agogo anga. Akanayesa, bwenzi tikudandaula ngati mmene tinadandaulira ndi Chichewa cha mu The Boy Who Harnessed the Wind mu 2019, pamene William Kamkwamba anaseweredwa ndi mnyamata wa ku Kenya, Maxwell Simba, bambo ake n'kukhala Chiwetel Ejiofor. Tinaseka katchulidwe kawo mwezi wathunthu. Koma amene anapita ku Wimbe ndi kamera anali iwowo, ife tinali pa makomenti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nkhani ya Karonga 1914 ili pamphuno pathu zaka zoposa 110, sitinaifwenthe.

Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Downton ndi aka: aliyense m'nyumba muja ali ndi dzina ndi chimene akufuna. Gwen, wantchito wokonza m'zipinda, akubisa taipilaita chifukwa akufuna kukhala sekilitale. Daisy akuphunzira masamu usiku. Mrs Patmore maso akuchita khungu ndipo akuopa kuchotsedwa ntchito. Molesley, amene aliyense amamuseka, akumaliza ali mphunzitsi. Pa chithunzi cha seweroli ophika ndi otsuka mbale aima pabwalo limodzi ndi mabwana. Chimenechi ndicho tikanatengako. Ife tinatengako madiresi a paukwati ndi kagwiridwe ka kapu.

Umboni woti sitinaphunzire uli pa boda pompano. Amtengatenga sanathe. M'mawa uliwonse anyamata amasenza matumba a mpunga, mabelo a zitenje ndi makatoni a mafuta kuoloka mlatho, ena pamutu, ena pa njinga. Timawaitana kuti "aise", "iwe wa njinga", "mfana". Ndadzigwira ndekha ndikuchita zomwezo kwa mnyamata amene wandinyamulira katundu kwa zaka ziwiri. M'matauni muli anzanga amene amalira Daisy akalalatiridwa, pamene m'khitchini mwawo muli mtsikana wochokera kumudzi amene alendo samuuzidwa n'komwe dzina, amangoti "mtsikana uja". Mtima wathu umagwira ntchito bwino pa wantchito wa pa sikirini. Wa m'nyumba mwathu umamudumpha.

Wachitatu akuti: ndalama zake ziti? Downton episode imodzi inkadya ndalama zimene ife sitingazione. Zoona. Koma ukaipa dziwa nyimbo. Shemu Joyah anajambula Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat m'dziko lomwe lino lopanda ndalamali. Du Chisiza Jnr ankadzaza maholo ndi Wakhumbata popanda nyumba yachifumu. Tikuferanji yakhala pa MBC zaka zambirimbiri ndi mipando iwiri ndi khonde. Sewero la pa wailesi silifuna yunifolomu ngakhale imodzi. Foni imene mukuwerengerapo iyi imajambula mawu.

Komanso makolo athu anatiyambira kale, ife ndi amene sitiona. Malipenga amene timavina kuno ku Karonga, ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay anachokera ku perete wa asilikali wa nthawi imeneyo. Taganizani bwino. Anthu anabwerako ku nkhondo, n'kusoka makabudula oyera, kuvala masokosi aatali, kupanga malipenga a zikho, n'kugawana maudindo: uyu mfumu, uyu kaputeni, uyu dokotala. Gulu lawo n'kulitcha boma. Limenelo ndi sewero la mbiri yakale lokhala ndi zovala zake ndi atengambali ake, lopangidwa ndi anthu amene anaiona nkhondoyo ndi maso. Ankawatengera mabwana aja kayendedwe, kwinaku akuwaseka, kwinaku akuwasirira. Ife timati ndi gule wa madala, timamuonera pakabwera nduna basi.

Atengambali a sewero limene ndikufuna alipo kale, akungodikira wolemba. Msilikali wa KAR wochokera ku Zomba amene sanaonepo nthochi zambiri chonchi, ndipo sakumva chilankhulo cha anthu amene akuti akuwateteza. Mnzake wa tsidya ilo, wovala yunifolomu ya Ajeremani, amene amayi ake ndi a tsidya lino, chifukwa Ankhonde ndi Anyakyusa mtsinje sunawalekanitsepo. Nyakwawa imene yauzidwa kuti ipereke amuna 20 pofika Lachisanu, ndipo iyenera kusankha pakati pa mwana wa mlongo wake ndi mwana wa mdani wake. Mesenjala wa boma amene amadziwa Chingelezi pang'ono ndipo amamasulira mawu a bwana mochepetsa ululu, kapena moonjezera, malinga ndi amene wamukwiyitsa. Khukhi wa bwana, Carson wathu, amene amanyadira kupukuta mafoloko pamene mng'ono wake ali pa mzere wa amtengatenga. Mayi wa khanda amene akumva kuti kukubwera ogwira anthu, ndipo ayenera kuganiza ngati auze mwamuna wake kuti athawire kuphiri. Gogo amene anaona nkhondo ya Mlozi, yemwe ananyongedwa ku Karonga mu 1895, ndipo akuti zonsezi anazionapo kale, angosintha ndi mayunifolomu. Mukundiuza kuti gogo ameneyu sangapose Dowager pa zoyankha zobaya?

Mudzaona kuti pa mndandanda umenewu sindinaikepo dzina ngakhale limodzi. Sindikufuna kupeka. Ndikufuna mayina enieni, ndipo ali m'mitu ya anthu amene akutha chaka ndi chaka. Amene anaiona nkhondoyo onse anapita. Ana awo atsala owerengeka. Adzukulu awo ndi agogo athuwa, amene timawasiya pakhonde ife tili m'nyumba ndi mahedifoni. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likuuma ife tikutsutsana za Mary ndi Edith. Ku Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, timapitako kukajambulitsa ndi mafupa a Malawisaurus. Chinyama cha zaka mamiliyoni chili ndi dzina, mpaka la Chilatini.

Sindikunena kuti mufufute Downton mu foni. Ine sindinaifufute, ndipo filimu ya 2025 ndinaionera, ndinaliranso. Ndikungopempha kasinthasintha, ngati wa pa bodayu. Pa dzina lililonse la ku Downton limene mukulidziwa, pezani limodzi la kwanu la zaka zomwezo. Mukudziwa Carson, Hughes, Bates, Anna, Daisy? Ndiye muli ndi ngongole ya mayina asanu. Pitani kwa agogo Loweruka lino, tsegulani chojambulira mawu, funsani kuti mu nkhondo ya Chiwaya kwathu kuno anapita ndani, anabwerako ndani, amene sanabwere anasiya ndani. Ngati ndinu a ku Mulanje kapena ku Ntcheu musati izi ndi za ku Karonga, anthu 200,000 aja anachokera m'maboma onse. Mukapeza, lembani. Ngakhale pa sitetasi pomwe paja munaika Maggie Smith.

Ine ndinayamba. Agogo ananditumiza kwa achimwene awo ku Kaporo, amene makutu anayamba kuvuta. Ndinakwera njinga ya kabaza, ndinawagulira shuga, ndinakuwa funso langa katatu. Ananditchulira dzina mosakayika n'komwe, n'kuonjeza kuti munthuyo anali wamtali ndipo ankaimba bwino poweta ng'ombe. Nditabwerera n'kuwauza agogo, anapukusa mutu. Akuti ayi, limenelo ndi la mng'ono wake, amene anabwerako ali wolumala phazi. Titakhala pang'ono anatchula lina, akuti langowabwerera pomva lolakwikalo. Pano akuluakulu awiriwa akutumizirana mauthenga okalipirana kudzera mwa ine, aliyense akuti mnzakeyo wakalamba.

Ndiye ndili ndi mayina awiri pamene ndinalibe ndi limodzi lomwe, komanso munthu wachiwiri amene sindinkadziwa kuti anakhalako. Ndawalemba onse m'kope, ndi inki, tsamba loyamba. Mnyamata wonyamula katundu uja ndinamufunsanso lake Lolemba lapitali. Anandiyang'ana modabwa, n'kufunsa ngati pali katundu amene wasowa.